Tingawathandize bwanji aphunzitsi amene ali ndi ana osamva Chichewa kapena Chingerezi m'kalasi?

Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, Lilongwe

Aphunzitsi anzanga ndi nonse amene mumatsata za maphunziro, ndikupempha nzeru pa nkhani ya aphunzitsi amene alandira m'makalasi mwawo ana ochokera kunja kwa dziko lino, amene Chichewa sachimva ndipo Chingerezi chawo n'chochepa kapena alibiretu. Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ya boma mumzinda muno, ndipo mwa ntchito zanga muli kuona masikimu ndi mapulani a aphunzitsi, kulowa m'makalasi kukaonerera maphunziro, komanso kukonza misonkhano ya pasukulu yosulira aphunzitsi pa ntchito yawo, yotchedwa CPD.

Ana amene ndikunenawa ndi osiyanasiyana. Ena makolo awo anachokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, ndipo kunyumba amayankhula Chiswahili, Chirundi kapena Chinyarwanda, pamene ena mwa iwo sukulu anaiyamba m'Chifalansa. Ena ndi a ku Mozambique amene anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi. Palinso ana a Amalawi anzathu obadwira ku South Africa, amene amafika akuyankhula Chizulu ndi Chingerezi, koma buku la Chichewa likawagwera m'manja amangoliyang'ana. Chiyambire 2023, pamene boma linabweza anthu othawa kwawo ku msasa wa Dzaleka, ana a ku Congo ndi ku Burundi anachepa m'masukulu a m'tauni muno, koma sanatheretu, ndipo a ku Mozambique ndi a ku Joni akubwerabe, kawirikawiri chaka cha sukulu chili pakati.

Chimene chandilembetsa ndi mphunzitsi wathu wa Sitandade 5, mayi wakhama amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi. Teremu ino analandira mtsikana amene amakopera zonse za pabolodi ndi zilembo zolumikiza zokongola kwambiri, koma akafunsidwa funso amangowerama. Pa masamu ogawa yankho amalipeza, koma amaika nambala yogawira kudzanja lamanja ndi yankho pansi pake, ndipo poyamba mphunzitsiyo ankamuthetha poganiza kuti waonera kwa mnzake. Tsopano wabwera kwa ine kudzapempha kuti mwanayo abwezedwe ku Sitandade 3, ndipo wanena poyera kuti iye sanaphunzitsidwe ntchito yotere ndipo alibe nthawi yoima pa desiki imodzi pamene ana ena onse akumudikira.

Sindikumuweruza mphunzitsiyu, chifukwa zimene akunenazo ndi zoona. Funso langa ndi lakuti ife oyang'anira tingamuthandize motani iyeyo, popeza tikangomuuza kuti ayesetse ndiye kuti katundu yense tamusiyira yekha. Kodi kubweza mwana kalasi n'koyenera? Nanga alipo masukulu kapena mazoni amene anapeza njira yothandizira aphunzitsi otere popanda kudikira ndalama za mabungwe? Ndingakondwe kumva makamaka kwa amene munaphunzitsapo ana oterewa.

Mphunzitsi wa Sitandade 4, amene kale ankaphunzitsa ku Dowa

Mayi, nkhani mwabweretsayi ndinaiona ndi maso pamene ndinkaphunzitsa m'boma la Dowa, kufupi ndi Dzaleka, ndisanasamukire ku Lilongwe kuno. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale panali ndende, ndipo unakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Masukulu a mumsasamo, monga pulayimale ya Umodzi Katubza imene amayendetsa a Jesuit Refugee Service, amatsata silabasi ya dziko lino, ndipo ana amalemba mayeso a MANEB monga mwana wina aliyense. Choncho aphunzitsi a dera limenelo akhala akulimbana ndi funso lanuli kwa zaka zambiri, ndipo zambiri zimene ndilembe panozi ndinazitola kwa iwo.

Pa nkhani yobweza mwana kalasi, ndikukupemphani kuti musavomere msanga. Chimene mphunzitsi wanu waona mpaka pano n'chakuti mtsikanayo sadziwa chiyankhulo cha m'kalasi, koma sanaonebe zimene mwanayo akudziwa. Muyeseni ndi masamu opanda mawu, ophatikiza, ochotsera, ochulukitsa ndi ogawa, kuyambira ophweka mpaka a msinkhu wa Sitandade 5. Kenako pezani munthu wamkulu wodziwa chiyankhulo chimene anaphunziramo, kuti mwanayo amuwerengere ndime ndi kumufotokozera zimene wamva. Ngati akuwerenga mosadodoma m'Chifalansa kapena m'Chiswahili, ntchito yaikulu yophunzira kuwerenga anaimaliza kale, ndipo chimene chatsala ndi kudziwa mawu atsopano basi. Mtsikana wosinkhuka mukamuika pakati pa tiana ta Sitandade 3 amachita manyazi, anzake amamuseka, ndipo mapeto ake amayamba kujomba mpaka kusiyiratu.

Kagawidwe kamene mwafotokozako si kolakwika. Ndi momwe amaphunzitsira m'masukulu a Chifalansa ndi a Chipwitikizi, ndipo ana omwewo amaika koma pamene ife timaika kadontho pa madesimo, pomwe 1 wawo amakhala ndi kamchira kutsogolo kotero kuti timamuwerenga ngati 7. Mphunzitsi akadziwa zimenezi amasiya kuthetha mayankho okhoza. Chofunika ndi kumuonetsa mwanayo kalembedwe kathu pambali pa kake, chifukwa pa mayeso adzafunika kulemba momwe ochonga angamvere, koma osamupangitsa kuganiza kuti zonse zimene anaphunzira kwawo zinali zachabe.

Pa kuwerenga Chichewa, mabuku a Sitandade 1 ndi 2 a National Reading Programme, pulogalamu imene inayamba mu 2016, amathandiza kwambiri chifukwa amayambira pa maliwu ndi maphatikizo. Musamupatse m'kalasi anzake akuona. Mubwerekeni akawerengere kunyumba. Mwana wodziwa kuwerenga Chiswahili amathamanga, popeza malembo a liwu asanu aja ndi omwewo ndipo mawu ambiri a tsiku ndi tsiku, monga nyumba, nyama, moto ndi mbuzi, ndi ofanana. Chimene chimamuvuta ndi maphatikizo monga kha, pha, tha, nkha, mpha, dza ndi tsa, ndiye mphunzitsi asataye nthawi pa zimene mwanayo akudziwa kale, angolunjika pa amenewa. Amene anaphunzira m'Chifalansa chokha amafuna nthawi yotalikirapo, chifukwa u ndi ch amawatchula mosiyana ndi ife, ndipo e wa kumapeto kwa mawu amakonda kumumeza.

Pa mphunzitsi mwiniyo, amene mwafunsa za iye makamaka, ndinganene kuti safunika kuphunzira Chiswahili kapena Chifalansa kuti athandize mwanayu, ndipo muyenera kumuuza zimenezi momveka bwino chifukwa mantha ake ambiri ali pamenepo. Chimene chimathandiza ndi zizolowezi zing'onozing'ono zimene sizidya nthawi ya ana ena. Malangizo a m'kalasi, monga kutsegula buku, kukopera, kukambirana awiriawiri ndi kubweretsa makope, aziwanena ndi mawu omwewo tsiku lililonse uku akuonetsa ndi manja. Mawu ofunika a phunziro la tsikulo aziwalemba pakona imodzi ya bolodi, ndipo asawafufute mpaka poweruka. Azigwiritsa ntchito zinthu zooneka, monga zitsekerero za mabotolo, timitengo, masamba ndi zojambula, zimene tonse tinaphunzira pansi pa TALULAR, njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka m'dera lathu lomwelo, koma timazisiya tikafika m'makalasi a m'mwamba. Ndipo asamuyembekezere mwanayo kuyankha pamaso pa kalasi yonse m'masabata oyamba, chifukwa ana ambiri ophunzira chiyankhulo chatsopano amayamba ndi kumvetsera okha, ndipo kukhala chete kwawoko si mwano kapena umbuli. Angathe kumufunsa kuti aloze, ajambule, kapena alembe yankho pabolodi.

Ngati pasukulupo pali mwana wina woyankhula chiyankhulo chake amene Chichewa anachidziwa kale, akhalitseni pamodzi, ndipo pa zokambirana za m'magulu aloledwe kunong'onezana m'chiyankhulo chawo asanapereke yankho m'Chingerezi kapena m'Chichewa. Mbali inayo pakhale mwana wa kuno wofatsa, kuti mlendoyo asamangodalira mnzake mmodzi.

Muonenso kaundula. Ku Burundi ndi ku Rwanda si mwambo kuti mwana aliyense atenge dzina la bambo ake, kotero ana a mimba imodzi angathe kukhala ndi mayina osiyana kotheratu, pamene a ku Congo ambiri amakhala ndi mayina atatu. Lembani mayinawo momwe makolo alembera ndiponso mu ndondomeko yomweyo, chifukwa dzina likalakwika lero lidzavutitsa mwanayo polembetsa mayeso a Sitandade 8.

Mlangizi wa maphunziro a pulayimale wopuma pa ntchito, Area 18

Mayi, ndathokoza kuti funso mwaliika pa mphunzitsi, chifukwa pa zaka zimene ndinagwira ntchito ngati PEA, ndiye kuti mlangizi wa masukulu a pulayimale a m'zoni, ndinaona kuti nkhani zotere zimathera pa mwana, ndipo mphunzitsi amangopatsidwa malangizo owonjezera pamwamba pa katundu amene ali naye kale. Unduna umafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma inu mukunena za oposa 100. Zonse zimene alemba aphunzitsi a ku Dowa pamwambapa ndi zabwino, komabe sizingatheke ngati sukulu siimupatsa mphunzitsiyo mpata.

Poyamba, nkhani ya mwanayu ichoke m'manja mwa mphunzitsi mmodzi ikhale ya sukulu yonse. Kumuyesa mwana pofika, kukambirana ndi makolo, ndi kugamula kalasi imene alowe ndi ntchito ya mphunzitsi wamkulu ndi inuyo. Mukatero, sonkhanitsani ana onse a pasukulupo amene ali ndi vuto la chiyankhulo, kaya ndi a kalasi iti, kuti azikhala ndi theka la ola la Chichewa ndi Chingerezi choyankhula, kaya m'mawa maphunziro asanayambe kapena atangoweruka. Aphunzitsi azisinthana, ndipo amene watenga gululi mumuchepetsere ntchito zina, monga kuyang'anira kusesa kapena zamasewera, kuti aone kuti sukulu ikuiwerengera ntchitoyo. Zimenezi muzilembe mu pulani yotukulira sukulu ndipo komiti ya sukulu izidziwe, kuti ndalama ya boma yotukulira sukulu ya SIG ikabwera, ngakhale ndi yochepa, mupatulepo ya mapepala a tchati ndi mamaka.

Chachiwiri ndi cha inuyo mukamalowa m'kalasi ndi fomu yoonerera phunziro. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma tonse tikudziwa kuti m'makalasi a m'munsi Chichewa ndicho chimanyamula phunziro, ndipo ngakhale ku Sitandade 5 mphunzitsi wanzeru amabwerera ku Chichewa ana akasowa. Mphunzitsi akalola ana awiri kufotokozerana m'Chiswahili, inu n'kumulembera kuti walephera kusunga bata kapena waphwanya ndondomeko ya chiyankhulo, ndiye kuti mwamuphunzitsa kuti asadzayesenso. Muuzeni musanalowe kuti mukubwera kudzaona momwe mwana uja akutsatira phunziro, ndipo mukatuluka mukambirane chinthu chimodzi chokha chimene angasinthe sabata yotsatira.

Nkhaniyi mupite nayonso kwa a PEA a zoni yanu. Aphunzitsi ambiri amene ndinagwira nawo ntchito anatuluka ku koleji atakonzekera kuphunzitsa ana amene onse amamva Chichewa, pamene mu Lilongwe muno kalasi yotero njosowa. Mwana wochokera ku Rumphi amene kwawo amayankhula Chitumbuka, kapena wa ku Mangochi amene wakulira m'Chiyao, amakumana ndi vuto lofanana ndi ili, kungoti lake silionekera msanga. Choncho CPD ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako, yokhudza kuphunzitsa kalasi ya ziyankhulo zambiri ingathandize masukulu onse a m'zonimo, ndipo siifuna katswiri wochokera kunja. Pezani aphunzitsi amene anagwirapo ntchito ku Dowa, ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Mwanza, abwere ndi makope enieni a ana, aonetse anzawo zolakwa zimene zimabwerezabwereza ndi momwe anazikonzera.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kuwonjezera pa za kukhalitsa mwana ndi mnzake womasulira. M'kalasi n'zothandiza, koma mwana asamasulire pa nkhani za chilango, za matenda, za ndalama, kapena za mavuto a m'banja. Ndinaonapo mnyamata wamng'ono ataimikidwa mu ofesi kuti auze bambo a mnzake kuti mwana wawo waba, ndipo kuchokera tsiku limenelo anawo sanayankhulanenso. Pa nkhani zotere pafunika munthu wamkulu.

Za mapepala a makolo, mphunzitsi asazilowerere. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. N'zoona kuti dziko lathu, povomereza pangano la 1951 la anthu othawa kwawo, linaika malire pa mfundo zina, kuphatikizapo za komwe angakhale ndi za ntchito zolembedwa, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo loti azikhala kumsasa. Koma zimenezo zili ndi maofesi ake. Ngati mphunzitsi wamkulu ali ndi chikayiko pa kalembera wa mwana, afunse ku ofesi ya maphunziro, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi apitirize kuphunzitsa mwana amene wakhala patsogolo pake. Dziko lino si lachilendo pa nkhani yolandira anthu, pakuti pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu oposa 1 miliyoni. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri a iwo ankayankhula kale ziyankhulo za m'malire monga Chichewa, Chisena, Chiyao ndi Chilomwe, kotero aphunzitsi a nthawi imeneyo sankakumana kawirikawiri ndi mwana amene sakumva ngakhale moni.

Kholo, wobadwira ku Congo, wokulira ku Malawi

Aphunzitsi, ndiloleni ndiyankhepo ngakhale sindine wa ntchito yanu. Ndinabwera m'dziko muno ndili mwana kuchokera kum'mawa kwa Congo, Chichewa ndinachiphunzirira pasukulu ndi pabwalo la mpira, ndipo lero ndine kholo la ana amene ali ku pulayimale. Zimene mukukambiranazi ndinazidutsa ndili mbali ya mwana.

Ndikufuna ndinene za makolo, chifukwa ndiwo thandizo limene masukulu ambiri saliona. Pakati pa anthu amene anachokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda muli aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, anamwino ndi ena a maphunziro apamwamba, amene malamulo sawalola kulembedwa ntchito mosavuta, ndipo lero akusoka zovala kapena kumeta anthu. Akuluakulu a kuno amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu wotere mutamupempha mwaulemu kuti adzamvetsere mwana akuwerenga m'Chifalansa, kapena kuti akhale ndi mphunzitsi wanu ola limodzi n'kulemba mawu ofunika a sayansi ndi masamu m'ziyankhulo ziwiri, sangakane. Mungawapeze kudzera m'matchalitchi ndi m'mizikiti imene amapemphera. Koma muyambe mwawatsimikizira kuti mwawaitanira nkhani ya sukulu yokha. Mu May 2023 anthu ambiri anatengedwa m'nyumba ndi m'mashopu muno mu Lilongwe, ena n'kusungidwa ku ndende ya Maula asanapititsidwe ku Dzaleka, ndipo ana ambiri anasiya sukulu teremu ili pakati. Kuyambira pamenepo, ngakhale amene mapepala awo ali bwinobwino amanjenjemera akalandira kalata yowaitanira ku ofesi iliyonse. Kholo likapanda kubwera ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa PTA, musafulumire kunena kuti silisamala za mwana. Mwina kalatayo silinaimve, mwina likuopa. Mawu a pakamwa operekedwa ndi mayi wa mother group, gulu la amayi othandiza ana pasukulu, amene akukhala nalo dera limodzi amafika bwino kuposa kalata.

Chinanso ndi dzina lakuti Mburundi, limene anthu amaitanira aliyense wochokera kumayiko a kwathuko, kaya ndi wa ku Congo kapena wa ku Rwanda. Ana amatengera akulu. Mphunzitsi akangonena kamodzi kuti kaMburundi kaja kabwere kuno, kalasi yonse imatenga dzinalo ndipo mwanayo salichotsanso. Mphunzitsi amene anandithandiza ine kwambiri sankadziwa Chiswahili, koma anaphunzira kutchula dzina langa molondola, ndipo tsiku lina pa phunziro la mapu anandiitana kuti ndiloze nyanja ya Tanganyika ndi kuuza anzanga mayina a mayiko amene aizungulira. Chichewa changa chinali chothyokathyoka, komabe anzanga anaona kuti pali chimene ndikudziwa chimene iwo sankachidziwa, ndipo pa nthawi yopuma anayamba kundifunsa mafunso.

Ndikupemphanso kuti aphunzitsi asamauze mwana kuti afotokozere kalasi chifukwa chimene anathawira kwawo. Ena anaona zinthu zimene ngakhale makolo awo sazitchula m'nyumba. Mwana akamadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, akamabisala pansi pa desiki anzake akayambana, kapena akamagona m'kalasi tsiku ndi tsiku, mphunzitsi asamukalipire ndipo asayese kufukula yekha. Adziwitse a hedi, ndipo iwo akambirane ndi makolo komanso a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mphunzitsi amene wamva nkhani zolemera kuchokera kwa mwana nayenso amafuna womumvetsera, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo inu oyang'anira muli ndi gawo.

Pomaliza, musauze makolo kuti asiye kuyankhula chiyankhulo chawo kunyumba n'cholinga choti mwana adziwe msanga Chichewa. Chichewa adzachidziwa ndithu, chifukwa chili paliponse, pamsika, pamjigo ndi pamasewera. Chimene chimatayika msanga ndi chiyankhulo cha makolo, ndipo chikatayika mayi sangathenso kuthandiza mwana wake pa ntchito ya kusukulu.

Mphunzitsi wa Sitandade 8, Kawale

Ndawerenga zonsezi ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma pali mbali imene sinakhudzidwe mokwanira, ndiyo ya mayeso. Pa mayeso a Sitandade 8 a PSLCE, Chichewa ndi phunziro lolembedwa, ndipo muli malamulo a chiyankhulo, chimangirizo kapena kalata, miyambi ndi zining'a. Mwana angathe kucheza bwinobwino ndi anzake pakangopita miyezi yochepa, ife n'kuganiza kuti vuto latha, koma Chichewa cha pabwalo ndi cha pa mayeso n'zotalikirana, ndipo chimodzimodzinso Chingerezi cha sayansi. Choncho gulu limene a PEA anenalo lisamatulutse mwana chifukwa chakuti wayamba kuyankhula. Apitirize kuthandizidwa pa kulemba ngakhale chaka chotsatira.

Pa kubweza kalasi, kwa mtsikana wa Sitandade 5 ndikuvomereza kuti asabwezedwe, popeza ali ndi zaka zitatu zokonzekera. Koma mwana akafika kuno ali wa msinkhu wa Sitandade 8, chaka chili pakati, monga amachitira ochokera ku South Africa kumene sukulu imayamba mu Januwale pamene yathu imayamba mu Seputembala, ndimaona kuti kumuyambitsa Sitandade 7 ndi chifundo. Kumukankhira ku mayeso amene sangamve mafunso ake ndi kumulepheretsa dala. Chachikulu n'chakuti chigamulocho chichokere pa kumuyesa mwanayo ndi kukambirana ndi makolo, ndipo abwerere kalasi imodzi yokha.

Ndinenenso mosabisa kuti aphunzitsi ena amakana ana oterewa chifukwa zotsatira za mayeso zikatuluka, amene amafunsidwa ndi iwo. A hedi ndi a PEA akamayang'ana chiwerengero cha okhoza chokha, mphunzitsi amaona mwana wosamva chiyankhulo ngati womugwetsera mbiri. Ngati mukufuna kuti amulandire ndi mtima wonse, muzisunga makope a mwanayo a teremu yoyamba ndi a teremu yachitatu, kuti pounika ntchito ya mphunzitsi muziona mtunda umene mwanayo wayenda.

Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi a hedi ndipo tagwirizana kuti mtsikanayo akhalabe mu Sitandade 5 mpaka titamuyesa momwe mwafotokozera. Mayi wina wa mother group akudziwana ndi banjalo, ndipo wavomera kukawauza ndi pakamwa chifukwa chimene tikuwafunira. Mphunzitsi uja ndamuonetsa zimene mwalemba za kagawidwe ndi za madesimo, ndipo wabwerera ku kope la mwanayo kukachonganso masamu amene anawathetha. Wavomeranso kuyamba ndi mawu ofunika pakona ya bolodi, bola tisamuwonjezere mafomu ena odzaza, ndipo ine ndamulonjeza kuti sitimuwonjezera.

Gulu la theka la ola likhala lovutirapo, chifukwa zipinda zathu n'zochepa ndipo makalasi ena amalowa anzawo akatuluka, koma tiyesa kugwiritsa ntchito khonde la laibulale. Nkhani ya CPD ndiipereka kwa a PEA pa msonkhano wa zoni ukubwerawu. Aphunzitsi a ku Dowa, ngati muli ndi mndandanda wa maphatikizo ndi mawu amene munkayambira nawo ndi ana odziwa Chiswahili, chonde ulembeni pano kuti tiukopere. Bambo a ku Congo, ndikufuna mundiunikire ngati makolo angamasuke kwambiri titakumana nawo pasukulu ana ataweruka, kapena kuli bwino kuti ulendo woyamba tipite ife kunyumba kwawo pamodzi ndi mayi wa mother group uja.